Mphindi 20 za buleki: lamulo limati chiyani pa zopuma pakati pa shifiti?

Tiyerekeze mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku Britain. Walowa 8 koloko m'mawa, aweruka 8 koloko usiku. Cha m'ma 1 koloko watenthetsa mpunga wake, wakhala pansi m'kachipinda ka antchito, wavula nsapato kuti mapazi apiteko mphepo. Asanameze kachitatu belu la m'chipinda cha agogo ena lalira, ndipo mnzake ali kosambitsa wina. Wavindikira chakudya n'kuthamanga. Pobwerako mpunga wazizira, nthawi yatha. Mwezi ukutha, pepala la malipiro likuonetsa kuti tsiku limenelo amudula ola limodzi la buleki.

Kodi mayiyu anapuma? Akafunsa achimwene ake a ku Joni amuuza kuti lamulo limapereka ola lathunthu. Msuweni wake wa ku America amuuza kuti lamulo lotere kulibe. Abwana ake amuuza kuti ndi mphindi 20 basi, ndipo zosalipidwa. Palibe amene akunama pa atatuwa, kungoti aliyense akunena za dziko lake. Pano tiona makamaka lamulo la ku Britain ndi la ku South Africa, mayiko awiri amene abale athu ambiri akugwirako ntchito za mashifiti.

Kupuma kuli patatu

Chisokonezo choyamba chimabwera chifukwa mawu oti kupuma timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zimene lamulo limazisiyanitsa. Pali buleki ya mkati mwa shifiti, yoti munthu adye ndi kuwongola msana. Pali kupuma kwa tsiku ndi tsiku, kutanthauza maola a pakati pa kuweruka lero ndi kulowanso mawa. Ndiye pali kupuma kwa pa sabata, kumene ambiri timangoti tsiku la ofu.

Ku Britain wogwira ntchito wamkulu ayenera kukhala ndi maola 11 otsatizana pakati pa shifiti ndi inzake, komanso maola 24 osagwira ntchito pa sabata, kapena maola 48 pa masabata awiri. Ku South Africa ndi maola 12 pa tsiku ndi maola 36 otsatizana pa sabata. Zitatuzi sizilowana m'malo. Bwana sanganene kuti poti Lamlungu simunabwere ndiye Lolemba mugwire osadya, monga momwe mlimi sanganene kuti ng'ombe zinagona bwino usiku ndiye zilime tsiku lonse osazimasula pa goli.

Nkhani yathu ili pa mtundu woyamba uja, umene uli waufupi kwambiri pa itatuyi koma ndi umene umayambanitsa anthu kawirikawiri.

Wotchi ya kufakitale

Munthu wa ganyu ya ndime safuna lamulo la buleki. Mwagwirizana ndime ndi mtengo wake, kwatsala n'kwa iye. Dzuwa likaswa mtengo akhoza kukhala pansi pa mango n'kumwa thobwa, mwini munda alibe nazo kanthu bola ndime ithe. Vuto limayamba pamene chogulidwa si ndime koma maola. Apo mphindi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo pafunika wina wonena kuti izi n'za bwana, izi n'za wantchito.

Zimenezi zinaonekera poyera m'mafakitale a nsalu a ku Britain zaka za m'ma 1800, mmene makina ankayenda osaima ndipo ana ankadya ataimirira, ena akupukuta makinawo pa nthawi ya chakudya. Malamulo oyambirira ankateteza ana okha. Lamulo la mafakitale la 1833 linaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale ambiri a nsalu ndipo linaika oyendera mafakitale anayi, anayi okha m'dziko lonse. La 1844 linafikira amayi, ndipo linalamula kuti maola aziwerengedwa potsata wotchi ya poyera imene woyendera wavomereza. Mfundo ya wotchiyi ikuoneka yaing'ono koma inali ndi chifukwa: oyendera ankadandaula kuti eni mafakitale ena ankabudula mphindi zingapo kumayambiriro kwa nthawi ya chakudya ndi zina kumapeto kwake, ndipo pa chaka zinkakwana masiku ambiri aulere.

Pa dziko lonse, chaka chofunika ndi 1919, pamene bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano lake loyamba: maola 8 pa tsiku, 48 pa sabata m'mafakitale. Mu 1921 linawonjezera la tsiku limodzi lopuma pa sabata. Manambala amenewa ndi omwe timawapezanso m'lamulo lathu la Employment Act la 2000, limene limaika maola 48 pa sabata ndipo limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana osamupatsa maola 24 opuma.

Chodabwitsa n'chakuti Britain, kumene zonsezi zinayambira, inakhala mpaka 1998 yopanda lamulo limodzi lopereka buleki kwa antchito pafupifupi onse. Linabwera kuchokera ku European Union, imene mu 1993 inakhazikitsa malamulo a maola ogwirira ntchito. Boma la Britain la nthawiyo, lotsogozedwa ndi John Major, linakasuma kukhoti la ku Europe ponena kuti nkhani ya maola si ya umoyo ndi chitetezo, koma mu 1996 linagonja, kupatula pa mfundo imodzi: khoti linafufuta mawu onena kuti tsiku lopuma likhale Lamlungu. Boma la Tony Blair ndilo linakhazikitsa Working Time Regulations, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 October 1998. Britain itatuluka mu European Union malamulowa anatsala.

Mphindi 20 pa maola oposa 6

Lamulo lenilenilo n'lalifupi. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, akamagwira ntchito maola oposa 6 pa tsiku, ayenera kupatsidwa mphindi zosachepera 20 zopuma mosadukiza, ndipo ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene amagwirira ntchito. Wachinyamata amene wapitirira msinkhu wokakamizidwa kukhala pasukulu koma sanakwane zaka 18 amapatsidwa mphindi 30 akagwira maola oposa anayi ndi theka.

Mawu oti "oposa" muwaonetsetse. Shifiti ya maola 6 ndendende ilibe buleki ya lamulo, n'chifukwa chake mashifiti otere si achilendo m'masitolo ndi m'malesitilanti. China chimene chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti mphindizi sizichulukana ndi maola. Makhoti anagamula kuti ngakhale wa shifiti ya maola 12 lamuloli limamupatsa buleki imodzi ya mphindi 20, osati ziwiri. Ku Germany n'kosiyana: mphindi 30 pa maola oposa 6, mphindi 45 pa maola oposa 9.

Bwana ndiye amasankha nthawi ya buleki, koma iyenera kukhala mkati mwa shifiti. Kuuza munthu kuti agwire osapuma kenako aweruke msanga si buleki. Mlandu wa 2016 wokhudza kampani ya mabasi ya Abellio ku London unali wa zimenezi: wantchito anauzidwa kuti azigwira maola 8 osaima n'kuweruka theka la ola nthawi isanakwane. Kampani inati iye sanapemphepo buleki n'kukanizidwa. Khoti la apilo pa milandu ya ntchito linati bwana asadikire kupemphedwa, ndi udindo wake kukonza ntchito mwa njira yoti munthu athe kupuma. Wantchito akasankha yekha kusapuma, zimenezo n'zake, koma mpata ukhalepo.

Tisaiwale kuti mphindi 20 ndi poyambira chabe. Kontrakiti ikanena kuti buleki ndi ola limodzi, ndiye kuti ndi ola limodzi, ndipo bwana akaphwanya waphwanya kontrakiti. Buleki ya tiyi kapena ya fodya lamulo silitchula. Madalaivala a malole ndi mabasi a maulendo ataliatali ali ndi malamulo awoawo: mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo m'galimoto mumakhala kachipangizo kolemba zonsezi.

Kukhala pansi si kupuma

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Lamulo siliyang'ana ngati munthu wakhala pampando kapena waimirira. Limafunsa kuti mphindi zimenezo mwini wake ndani.

Taganizirani mayi amene wateleka nsima. Phala likuwira, iye wakhala pa mpando, manja ali pa maondo. Wodutsa anganene kuti akupuma. Koma sangapite kwa aneba, sangagone, maso ali pa mphika. Kapena dalaivala wa minibasi pa depoti ya Wenela podikira kuti idzaze: injini yazima, iye watsamira chiwongolero, koma mpando womaliza ukangodzaza ayenera kuliza. Onsewa akudikira, ndipo kudikira ntchito ndi ntchito.

Makhoti a ku Britain anafika pa mfundo yomweyi mu 2004, pa mlandu wa antchito a kampani ya Alpha Catering amene ankakweza zakudya m'ndege pa bwalo la Gatwick. Pakati pa ndege ndi inzake ankakhala opanda chochita, nthawi zina kopitirira mphindi 20, koma ankayenera kukhala tcheru kuti aitanidwa nthawi iliyonse. Kampani inati imeneyo ndiyo buleki yawo. Khoti la apilo linakana. Linati munthu ayenera kudziwa poyamba pomwe kuti mphindi 20 zikubwerazi ndi zake, achite nazo zimene akufuna. Nthawi yodikira singasanduke buleki pambuyo pake chabe chifukwa zangochitika kuti palibe anamuitana.

Khoti la European Union linapitirira pamenepa mu September 2021. Wozimitsa moto wina wa pa kampani ya zamtengatenga ya mzinda wa Prague ankapatsidwa mphindi 30 za chakudya, koma ankapita kukantini atanyamula wailesi ya m'manja, ndipo ikalira ankayenera kukhala atakonzeka pasanathe mphindi 2. Khoti linati ngati zomangira munthu zili zothina chotere moti sangathe kuchita zake momasuka, nthawi imeneyo ndi ya ntchito, ngakhale kuitanidwako kutakhala kwa apo ndi apo. Linaonanso kuti kusadziwa nthawi imene uitanidwe n'kumene kumamusiya munthu ali chire nthawi yonse. Chigamulochi chinabwera Britain itatuluka kale, choncho sichimanga makhoti ake, koma maganizo ake ndi ofanana ndi a mlandu wa ku Gatwick.

Tikabwerera kwa mayi wa ku Leeds uja, funso loyamba si lakuti anadya masupuni angati. Ndi lakuti pamene ankakhala pansi, kodi panali wina woti ayankhe belu? Ngati panalibe ndipo aliyense ankadziwa kuti likalira adzuka ndi iyeyo, n'zovuta kunena kuti imeneyo inali buleki imene lamulo likunena.

Nanga malipiro?

Lamulo la ku Britain silikakamiza bwana kulipira nthawi ya buleki. Zimatengera kontrakiti. Ena amalipira, ambiri salipira, ndipo n'chifukwa chake shifiti ya maola 12 imaoneka ngati maola 11 pa pepala la malipiro. Maganizo ake ndi akuti ngati nthawiyo ndi yanu, bwana sanaigule.

Koma mfundo yomweyo ikatembenuzidwa imaluma bwana. Ngati anakudulani ola la buleki pamene inu munaligwira ntchito, ndiye kuti mwagwira ola laulere. Kwa munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma, ola laulere limatsitsa malipiro ake a pa ola kufika pansi pa mlingo wa lamulo, umene uli mlandu wina pawokha. Makompyuta ambiri owerengera malipiro amangodula buleki okha osafunsa ngati munthu anapumadi, ndiye amene amasunga kabuku kolemba tsiku ndi nthawi imene buleki inadulidwa amakhala ndi poyambira pokadandaula.

Ku America, kumene msuweni uja ali, lamulo la boma lalikulu la 1938 silikakamiza buleki ngakhale pang'ono. Limangoti bwana akapereka yaifupi, ya mphindi 5 mpaka 20, ailipire, ndipo ya chakudya ya mphindi 30 akhoza osailipira ngati munthu wamasulidwa kotheratu. Zotsalazo chigawo chilichonse chimaika chake, California ili ndi malamulo okhwima pamene zigawo zina zilibe n'komwe.

Ola la ku Joni

South Africa inakhazikitsa Basic Conditions of Employment Act mu 1997, patangopita zaka zitatu tsankho litatha, ndipo inayamba kugwira ntchito mu December 1998, miyezi iwiri pambuyo pa ya ku Britain. Gawo 14 la lamuloli limati munthu akagwira ntchito maola oposa 5 mosalekeza apatsidwe ola lathunthu la chakudya. Ola limeneli lingatsitsidwe kufika pa mphindi 30, koma pokhapokha mutagwirizana molemba. Lingachotsedwenso, molemba momwemo, kwa munthu wogwira maola osakwana 6 pa tsiku.

Pa nkhani ya belu lija, lamulo la ku South Africa linalankhula mosabisa kuposa la ku Britain. Limalola kuti pa nthawi ya chakudya munthu agwire ntchito yokhayo imene singasiyidwe ndipo palibe wina woigwira. Koma likatero limati nthawi imeneyo ilipidwe, ndipo ilipidwe ngakhale munthuyo sanagwire kanthu, bola anauzidwa kuti akhale pafupi podikira. Mlonda amene akudya mkute wake m'kanyumba ka pageti, diso lili ku msewu, ayenera kulandira malipiro a ola limenelo.

Pali mfundo inanso imene anthu a m'malesitilanti ayenera kuidziwa. Bwana akhoza kufuna kukupumitsani maola atatu masana pamene makasitomala kulibe, kuti mubwerenso madzulo. Lamulo limati nthawi yopitirira mphindi 75 ilipidwe, kupatula ngati mumagona pamalo pomwepo. Kupatulaku kumakhudza ambiri a kwathu ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'munda amene amakhala kuseri kwa nyumba ya abwana.

Si onse amene gawoli limawateteza. Mabwana akuluakulu, anthu olandira ndalama zopitirira mlingo umene nduna ya zantchito imalengeza, ndi ogwira maola osakwana 24 pa mwezi kwa bwana mmodzi sali m'gululi. Za mapepala, khoti la zantchito linagamula mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amawerengedwabe ngati wantchito ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pa ntchito. Kuti munthu wopanda mapepala angalimbe mtima kukaonekera kumeneko, imeneyo ndi nkhani ina.

Pamene ntchito singaime

Pali ntchito zina zimene simungangozisiya: ulonda, chipatala, njanji, malo osamalira anthu usana ndi usiku. Olemba ntchito amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, munthu ankadziwa ntchito imene akulowa. Lamulo la ku Britain linavomereza mbali ina ya mfundoyi. M'ntchito zotere buleki ya nthawi zonse ija ikhoza kulephereka, koma bwana ayenera kubweza mpumulo wofanana nawo. Zili ngati kubwereka mbale ya ufa kwa aneba: ukhoza kubweza tsiku lina, koma mbale ikhale yodzaza chimodzimodzi.

Mkangano uli pa mawu oti "wofanana". Mu 2011 khoti la apilo linaona mlandu wa mlonda amene ankalondera yekha maola 12. Ankaloledwa kupuma pa nthawi imene wasankha, ndipo akaitanidwa pakati ankayambiranso buleki yake pachiyambi. Khoti linati zimenezo n'zokwanira. Mu 2019 linaonanso wa wantchito wa kampani yoyang'anira njanji ya Network Rail amene ankayang'anira yekha zizindikiro za sitima. Iye sankapeza mphindi 20 zotsatizana, koma pakati pa sitima ndi inzake ankapeza mphindi zingapo zimene pa shifiti yonse zinkapitirira 20. Khoti linati pa ntchito ya mtundu umenewu tizidutswa totere tikhoza kukwanira, chachikulu n'chakuti phindu lake pa thupi la munthu likhale lofanana.

Mabungwe a antchito amaona kuti zigamulo ziwirizi zinafewetsa mfundo ya ku Gatwick ija. Olemba ntchito amati popanda zimenezi akanafunika kulemba munthu wachiwiri wongodikira mphindi 20 za mnzake. Mayi wa ku Leeds ali pakati pa mfundo ziwirizi, chifukwa abwana ake akhoza kunena kuti ntchito yosamalira okalamba singaime. Akatero ayenera kuonetsa kuti mphindi zimene belu linadya anazibweza liti.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la amene amayenda khomo ndi khomo kusamalira odwala m'nyumba zawo. Mphindi 25 za pa basi pakati pa nyumba ina ndi ina, kodi ndi buleki? Boma la Britain limati nthawi yoyenda pakati pa makasitomala ndi ya ntchito, koma ndandanda zambiri zimalembedwa mothinana moti mpata wina wodyera suoneka.

Lachiwiri ndi la amene foni ndiyo kapitawo wawo. Mu 2021 khoti lalikulu la Britain linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani ya magalimoto a hayala oitanitsa pa foni, amene anasuma ndi antchito oyenera chitetezo cha malamulowa. Koma munthu amene akulandira maoda kuchokera ku makampani atatu nthawi imodzi, ndani mwa atatuwo ayenera kumukonzera mphindi 20?

Lachitatu ndi la chilango. Wodandaula ku Britain amayamba wadzera ku bungwe loyanjanitsa la Acas asanafike kukhoti la zantchito, nthawi yokasuma ndi ya miyezi yowerengeka, ndipo mu 2018 khoti la apilo linati womanidwa buleki salipidwa chipukutamisozi cha kuwawidwa mtima. Ndalama zimene angapeze n'zochepa. Kwa munthu amene viza yake yamangiriridwa kwa bwana yemweyo, kodi ufulu woterewu angaugwiritse ntchito? Ena akuti chofunika ndi oyendera malo a ntchito ambiri, ena akuti chindapusa chikwere.

Ndiye pali funso la nambala yeniyeniyo. Britain ikuti mphindi 20, Germany 30, South Africa 60, ndipo kwathu maofesi ambiri amangotseka 12 koloko anthu n'kupita ku mmemo mpaka 1 koloko. Thupi la namwino wa ku Leeds silisiyana ndi la namwino wa ku Durban. Ola lathunthu losalipidwa limatalikitsa tsiku, ndipo alipo antchito amene angakonde mphindi 30 kuti akapeze ana asanagone. Kodi nambalayi iziikidwa ndi madokotala poyeza kutopa, ndi nyumba ya malamulo, kapena izisiyidwa kuti bwana ndi antchito ake azigwirizana okha pa ntchito iliyonse?